Kuphunzitsa za Mbewu Molingana ndi Omvera: Zimene Tinakumana Nazo ku Table View

Nyengo ya malonda a mbewu ikamayandikira, makampani amatumiza alangizi awo m'maboma kukachititsa maphunziro a ogulitsa zipangizo zaulimi. Ogulitsawo akabwerera kumasitolo awo amasanduka aphunzitsi a alimi amene amafika pakauntala, ndipo alimi ochulukitsa mbewu nawo amasonkhanitsa aganyu kukhonde kapena m'mphepete mwa munda kuwauza zoyenera kuchita. Tonsefe ndife aphunzitsi, tifune tisafune. Komabe ambiri a ife tinaphunzira za nthaka, za tizilombo ndi za mitundu ya chimanga, osati za kaphunzitsidwe. Timangotengera momwe ena anatiphunzitsira, n'kumaganiza kuti munthu akagwedeza mutu ndiye kuti wamva.

M'phunziro lino tikufuna tione funso limene limabuka kawirikawiri pamisonkhano ya ogulitsa mbewu: kodi tiyenera kusintha kaphunzitsidwe kathu molingana ndi mmene munthu aliyense amaphunzirira? Yankho lathu ndi lakuti inde, koma osati m'njira imene ambiri tinauzidwa. Tiyamba ndi nkhani ya kulephera kwathu, chifukwa ndi mmene tinatulukira zambiri mwa zimene tikulembazi.

Mu Juni 2023 bungwe la International Seed Federation linachititsa msonkhano wake waukulu wa chaka ndi chaka, wa World Seed Congress, mumzinda wa Cape Town. Ife tinali nawo kumeneko. Malo ogona a pakati pa mzinda anali okwera mtengo, choncho tinapeza nyumba ya alendo ku Table View, dera la kumpoto m'mphepete mwa nyanja, kumene phiri la Table Mountain limaoneka lonse tsidya lina la madzi. M'mawa uliwonse tinkakwera basi ya MyCiTi kupita mumzinda. Tsiku lachiwiri, bambo wina amene ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumbapo anatimva tikuyankhula Chichewa pafoni. Anadikira kuti timalize, n'kutipatsa moni wa kwathu. Anali wa m'boma la Mangochi. Atamva ntchito yathu anapempha kuti tisabwerere kumudzi tisanakumane ndi anzake.

Amalawi alipo ambiri m'derali, ku Table View, ku Parklands ndi ku Dunoon. Ena amagwira ntchito m'nyumba, ena m'minda ya maluwa, ena kumalo ofesera ndi kugulitsa mbande, ena m'malesitanti. Kumeneko salima chimanga: mvula ya ku Cape Town imagwa m'nyengo yozizira, dothi lake ndi mchenga, ndipo chilimwe chimakhala chouma ndi champhepo. Koma mwezi wa Seputembala kapena Okutobala ukafika, anthuwa amatumiza ndalama kumudzi zogulira mbewu ndi feteleza, ndipo nthawi zambiri wotumiza ndalamayo ndiye amanena pafoni mbewu yoti igulidwe. Ogulitsa a ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena ku Mzimba mukumbukire zimenezi: mayi amene waima pakauntala yanu atagwira kapepala kapena foni angakhale akutsatira mawu a munthu amene ali pa mtunda wa makilomita zikwi zingapo. Chaka chimenecho nkhawa inali yaikulu, popeza namondwe wa Freddy anali atangokokolola minda ya m'chigawo chakummwera m'mwezi wa Malichi, ndipo aliyense ankafuna kuti ndalama ya chaka chotsatira isapite pachabe.

Tinakumana Loweruka masana m'galaja ya nyumba ina. Panali anthu pafupifupi makumi awiri, amuna ambiri ndi amayi asanu. Ife tinanyamula kompyuta ndi pulojekita yobwereka, n'kutsegula phunziro lomwe timagwiritsa ntchito pophunzitsa ogulitsa mbewu: masamba opitirira makumi atatu, m'Chingerezi, okhala ndi manambala a mitundu ya chimanga, matani pa hekitala ndi mizere yokwera ndi yotsika yoonetsa zokolola za m'minda yoyesera. Tinkamasulira m'Chichewa pamene tikupita. Anthu anakhala chete, mwaulemu. Titafika chapakati magetsi anazima, monga ankachitira kawirikawiri m'dzikomo chaka chimenecho, ndipo mumdima wa m'galajamo bambo wina wachikulire anakweza dzanja.

"Alangizi, pepani. Zonsezi n'zabwino, ndipo tathokoza. Koma ineyo usiku uno ndikawaimbira mayi akunyumba, ndiwauze kuti akagule chiyani?"

Tinalibe yankho lachidule. Tinali titayankhula kwa mphindi makumi anayi, ndipo munthu amene anatiitanira cholinga chimodzi chokha analibe choti akanene pafoni. Tinapempha kuti tikumanenso mawa lake madzulo.

Zimene ambiri tinauzidwa

Usiku umenewo ganizo loyamba kutifikira linali lija timalimva m'maphunziro a zamalonda, lakuti anthu ali m'magulu: ena amaphunzira poona, ena pomva, ena powerenga ndi kulemba, ena pochita ndi manja. Kagawidwe kameneka, kamene kamadziwika ndi zilembo zinayi za VARK, anakakonza mphunzitsi wina wa ku New Zealand, Neil Fleming, cha m'ma 1987. Sikokhako ayi. David Kolb analemba za mitundu ina inayi m'buku lake la mu 1984, ndipo pamene Frank Coffield ndi anzake ku Britain anafufuza nkhaniyi mu 2004 anapeza magawidwe otere okwana 71. Malinga ndi ganizo limeneli, tinalakwa chifukwa tinapatsa anthu "omva" ndi "ochita" chakudya cha anthu "owerenga", ndipo mankhwala ake n'kudziwa gulu la aliyense n'kumuphunzitsa m'njira ya gulu lakelo.

Ganizoli limakoma m'makutu, ndipo lili ndi kachoonadi mkati mwake: anthu amakondadi njira zosiyana. Wina akagula wailesi amayamba wawerenga kabuku kake, wina amangoyamba kutembenuza mabatani. Vuto lili pa sitepe yotsatira, yonena kuti munthu amaphunzira bwino koposa akaphunzitsidwa m'njira imene amaikonda. Mu 2008 akatswiri anayi a zamaganizo, Harold Pashler, Mark McDaniel, Doug Rohrer ndi Robert Bjork, anaunika kafukufuku amene analipo pa mfundoyi. Iwo anati kuyesa koyenera n'kotere: agaweni anthu m'magulu awo, kenako mwamaere ena a gulu lililonse aphunzitsidwe ndi zithunzi, ena ndi mawu, ndipo onse alembe mayeso amodzi. Ngati ganizolo n'loona, "oona" ayenera kukhoza bwino pa zithunzi pamene "omva" akukhoza bwino pa mawu. Anapeza kuti kafukufuku wochitidwa motere anali wochepa kwambiri, ndipo wambiri mwa wochepayo sanaonetse zimene ganizolo limalonjeza.

Pali chinthu china chimene chimayenda limodzi ndi chiphunzitsochi, ndipo tikupempha kuti tichichotse m'maphunziro athu. Ndi chithunzi chija cha ngati phiri chonena kuti munthu amakumbukira magawo 10 pa 100 a zimene wawerenga, 20 a zimene wamva, mpaka 90 a zimene wachita. Amati chinachokera kwa Edgar Dale, koma chithunzi chimene Dale anajambula mu 1946 chinalibe manambala aliwonse. Anaikamo ndi anthu ena pambuyo pake. Ife amene timakana mbewu yopanda chiphaso sitiyenera kufalitsa manambala opanda mwini.

Ndiponso taganizani mmene zingakhalire pasitolo m'mwezi wa Novembala, mzere utafika panja. Kodi mungayambe kufunsa mlimi aliyense ngati ali woona kapena womva? Ngakhale chiphunzitsocho chikanakhala choona, sichikanatithandiza pamene tikugwira ntchito.

Kulakwa kwathu m'galaja muja kunali kwina. Sitinafunse zimene anthuwo ankadziwa kale, sitinafunse chimene ankafuna kukachita ndi phunzirolo, ndipo tinathira mfundo zonse m'chikombole chimodzi, ngati kuti mtunda wa pakati pa mapando ndi kusankha mtundu wa mbewu zimaphunzitsidwa mofanana.

Mfundo iliyonse ili ndi njira yake

Lamulungu madzulo sitinanyamule kompyuta. Tinagula thumba laling'ono la chimanga cha mbuliwuli m'sitolo, popeza mbewu ya kwathu kunalibe, tinabwereka chingwe ndi tepi yopimira kwa mnzathu wa maluwa uja, ndipo tinatuluka panja pamchenga.

Tinayamba ndi kabzalidwe. Malangizo amene ambiri mukuwadziwa ndi akuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo paphando pagwe njere imodzi. Zikatero pa hekitala pamakhala mbewu pafupifupi 53,000, pamene kabzalidwe kakale ka masentimita 90 uku ndi uku, njere zitatu paphando, kankapereka pafupifupi 37,000. Dzulo lake manambala amenewa anali pakhoma ndipo palibe anafunsapo kanthu. Tsopano tinajambula mizere iwiri pamchenga, n'kupempha munthu mmodzi kuti abzale mmene amabzalira kwawo. Anaponya zitatuzitatu, motalikirana pafupifupi phazi lalikulu. Wina anabzala mzere wachiwiri potsatira kamtengo kamene tinadula pa masentimita 25. Kenako tinafunsa: nanga munthu akamva theka la uthenga, n'kufupikitsa mapando koma osaleka kuponya zitatu? Anawerenga okha njerezo n'kuona kuti thumba la makilogalamu 10, loyenera kukwana ekala imodzi, lingathere pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mundawo. Mayi wina anaseka mowawidwa mtima, nati zimenezi n'zimene zinachitika kwawo, ndipo iye anakalipira mng'ono wake pafoni pomuganizira kuti wagulitsako mbewu.

Onse anamva, ndipo sikuti onse anali "ochita ndi manja". Mtunda ndi chinthu cha maso ndi manja kwa munthu aliyense, ngakhale kwa mphunzitsi wa kuyunivesite. Chimodzimodzi kuzindikira mbozi ya chimanga imene inalowa m'dziko lathu m'nyengo ya 2016/17: mungafotokoze tsiku lonse za chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu pake ndi madontho anayi chakumchira, koma munthu amaidziwa akaiona pachikhatho chake. Kaphunzitsidwe ka sukulu za alimi za m'munda, kamene bungwe la FAO linayambitsa ku Indonesia mu 1989 pothana ndi tizilombo ta mpunga, kanamangidwa pa mfundo yomweyi, yakuti za m'munda ziphunziridwe m'munda.

Koma si mfundo zonse zimafuna manja. Chifukwa chimene chimanga cha haibulidi sichiyenera kubzalidwa chibwereza sichioneka panjere. Njere ya chaka chachiwiri imaoneka yokongola ngati yoyamba. Mfundo imeneyi imafuna kufotokoza ndi fanizo. Tinayerekeza ndi nkhuku: mukakweretsa tambala wa Mikolongwe ndi thadzi lachikuda, anapiye oyamba amafananako, koma anapiyewo akaberekana okhaokha mumapeza ena aakulu, ena aang'ono, ena amtundu uwu, ena uwo. Fanizoli silikwana ndendende, ndipo katswiri wa zoberekana angalitsutse pena ndi pena, koma linafikitsa uthenga wakuti mphamvu ya haibulidi ili m'mbadwo woyamba. Pamene dzina la mbewu, muyeso wa feteleza ndi tsiku lothira ndi zinthu zofunika kulembedwa, kwa wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa yemwe, chifukwa mutu umaiwala manambala ndipo pakhomo sipalephera kukhala mwana wasukulu woti awerenge.

Nkhani ya masiku okhwimira inatiphunzitsa china. Tinazolowera kunena kuti mtundu uwu umacha pa masiku pafupifupi 120, uwo pa 140 kapena kuposa. Kwa ife manambalawa ali ndi tanthauzo, koma mlimi sawerenga nyengo m'masiku. Titanena kuti chimanga cha masiku 120 chobzalidwa pa 1 Disembala chimakhala chitakhwima kumapeto a Malichi, ndipo cha masiku 145 chimafika kumapeto a Epulo, bambo wa ku Mangochi uja anayankha yekha kuti kwawo mvula siidalirika mpaka Epulo, pamene wina wa ku Nkhata Bay anati kwawo imagwabe nthawi imeneyo. Aliyense anasankha yekha mbewu yoyenera kwawo, ife tisananene. Apa tiyamikire nzeru ya kampani ya Seed Co, imene inapatsa mitundu yake ya chimanga mayina a nyama: Kanyani wocha msanga, Mkango wapakatikati, Njovu yochedwa koma yobereka kwambiri mvula ikakwana. Alimi ambiri amene sangakumbukire nambala amalowa m'sitolo n'kutchula nyamayo. Chithunzi chili pathumba, dzina lili pakamwa, ndipo ziwirizi zimanyamula mfundo imodzi. Akatswiri monga Allan Paivio ndi Richard Mayer anaonetsa kuti mawu ndi chithunzi zikayendera limodzi, pa mfundo imodzi, anthu ambiri amamva ndi kukumbukira bwino kuposa mawu okha. Chofunika n'chakuti chithunzicho chikhale cha mfundoyo. Zithunzi zongokometsera tsamba zimabera maso ntchito.

Kusiyana kwenikweni kwa omvera

Ngati magulu anayi aja sakutithandiza, kodi omvera athu onse ndi ofanana? Kutalitali. Amasiyana kwambiri, koma pa zinthu zina.

Choyamba ndi zimene akudziwa kale. M'gulu lija munali mnyamata wogwira ntchito kumalo ofesera mbande. Titayamba kufotokoza kayesedwe ka kameredwe ka mbewu, kuti muwerenge njere 100, muziike pansalu yonyowa kapena mumchenga wonyowa, ndipo pakatha sabata muwerenge zimene zamera, tinaona kuti akutopa nafe. Titamufunsa anati amachita zimenezi kuntchito nthawi zonse. Tinamupatsa bwalo, ndipo anafotokoza bwino kutiposa, n'kuonjezera kuti nsaluyo isakhale yodontha madzi chifukwa njere zimaola. Ife tinangowonjezera kuti mbewu yabwino ya chimanga iyenera kumera njere 90 kapena kuposa pa 100 zilizonse, ndi kuti kuyesaku kuchitike mvula isanagwe, pamene mpata wokadandaula kwa wogulitsa ulipo. Munthu wodziwa kale mukamuyendetsa pang'onopang'ono ngati wachilendo amagona. Wachilendo mukamuthamangitsa ngati wodziwa amasochera. Pamaphunziro a ogulitsa timasakaniza munthu amene wagulitsa mbewu zaka khumi ndi zisanu ndi mtsikana amene walembedwa ntchito mwezi watha, n'kuwapatsa phunziro limodzi. Mafunso awiri kapena atatu poyambirira amakwana kukuuzani amene ali m'chipindamo, ndipo odziwawo muwapatse ntchito yothandiza anzawo.

Chachiwiri ndi chiyankhulo ndi kuwerenga. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 69 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ndi amene amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo chiwerengero cha amayi chinali chotsikirapo. Mwa odziwawo, si onse angawerenge Chingerezi cha pathumba la mbewu kapena pabotolo la mankhwala. Munthu wamkulu sadzakuuzani pagulu kuti sangathe kuwerenga. Amalandira pepala, n'kuliyang'ana, n'kulipinda mwaulemu. Choncho chilichonse cholembedwa chiwerengedwenso mokweza, popanda kuloza chala munthu. M'galaja muja munali Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Onse ankamva Chichewa, koma pokambirana za kusankha mbewu amagulu awiri anatembenukira ku ziyankhulo zawo, ndipo sitinawaletse, chifukwa uthengawo ukafika kumudzi ukanenedwa m'ziyankhulo zomwezo. Miyeso nayonso ndi chiyankhulo. Matani pa hekitala ndi a m'malipoti. Mlimi amawerenga matumba a makilogalamu 50 pa ekala, ngolo, ndowa. Tani imodzi pa hekitala ndi matumba pafupifupi asanu ndi atatu pa ekala. Amene sangathe kutembenuza motere ali chiimire sanakonzeke kuima pamaso pa alimi.

Chachitatu, chimene ife tikuchiona kuti n'chachikulu koposa, ndi ntchito imene womverayo akukachita ndi uthengawo. Anthu a ku Table View sankakabzala okha. Ankakayankhula pafoni kwa mphindi zochepa, mayunitsi akutha, ndi munthu amene mwina wakwera pachulu kufuna netiweki. Ankafunika uthenga wokwana m'mpweya umodzi. Tinaupanga limodzi, aliyense wa kwawo: dzina la mbewu yoyenera dera lake, kukula kwa thumba molingana ndi munda, ndi mawu atatu okhudza kagulidwe, akuti agule kwa wogulitsa wovomerezeka, thumba likhale losatsegula ndi lokhala ndi chizindikiro cha boma, ndipo atenge lisiti. Tinatsindika kuti utoto wofiira kapena wobiriwira pa njere si umboni wa mbewu yeniyeni, chifukwa akuba amapaka utoto chimanga cha m'nkhokwe. Kenako aliyense anajambula uthenga wake wamawu pa WhatsApp tili pomwepo, n'kutimvetsera tisanautumize. Atatu anasokoneza kukula kwa thumba, mmodzi anaiwala za lisiti. Anajambulanso.

Wogulitsa pasitolo ali ngati anthu amenewa: uthenga umadutsa mwa iye kupita kwa wina. Ali ndi mphindi ziwiri kapena zitatu ndi mlimi aliyense. Tikamuphunzitsa ndi masamba makumi atatu, n'kumusiya kuti adzifupikitsire yekha, amafupikitsa n'kutsala ndi mawu akuti "iyi ndi yabwino", ndipo yabwinoyo imakhala imene yatsala yambiri pashelefu. Phunziro la ogulitsa lithere pa kuyeserera: mmodzi akhale mlimi, wina wogulitsa, ndipo wogulitsayo afunse mafunso ake asanatchule mbewu: mumalima kuti, munda ndi waukulu bwanji, feteleza muli naye wochuluka bwanji, chimangacho n'chodya kapena chogulitsa? Funso lomalizali amayi amaliyankha mosiyana ndi abambo, chifukwa amene amakonola ndi kusunga ndiye amadziwa mtundu umene umatha ndi gaga mumtondo ndi umene anankafumbwe amauthamangira.

Kwa ochulukitsa mbewu

Inu alimi ochulukitsa mbewu, nkhaniyi imakukhudzani m'thumba mwachindunji. Munda wa mbewu ya haibulidi uli ndi mizere yaikazi ndi yaimuna, ndipo ngayaye za mizere yaikazi ziyenera kuchotsedwa zisanayambe kuthothola mungu. Oyendera minda a ku Seed Services Unit akapeza ngayaye zothothola mungu zopitirira muyeso wololedwa, munda ungakanidwe, ndipo mbewu ya chaka chonse imagulitsidwa pamtengo wa chimanga chodya. Ntchito yolemera chonchi imagwiridwa ndi aganyu, ena a iwo atsopano chaka chilichonse.

Taona kapitawo akuwaimika anthu makumi atatu m'mawa, n'kuwauza kwa mphindi zisanu kuti "muzule ngayaye zonse m'mizere yaikazi", basi. Mawuwo ndi oona, koma ntchitoyi ili m'zala. Kuzula ngayaye yonse osasiya kanthambi m'kati mwa masamba, osang'amba masamba ambiri a pamwamba, kuona chimanga chachifupi chobisika pakati pa zinzake, kuyang'ana mphukira za m'tsinde zimene nazonso zimatulutsa ngayaye: zonsezi munthu amazidziwa akazula zisanu kapena khumi wina akumuyang'ana ndi kumukonza. Theka la ola la tsiku loyamba loperekedwa ku zimenezi ndi lotsika mtengo kuposa kubwereza munda wonse. Onjezerani chifukwa chake m'mawu ochepa, kuti mungu wa ngayaye imodzi yotsala umauluka ndi mphepo n'kugwera pa ndevu za zimanga zambiri zozungulira. Munthu wodziwa chifukwa amabwerera kukazula kanthambi kamene wasiya. Wosadziwa amaona ngati bwana akungovuta. Ndipo mizere yaimuna ikhale ndi chizindikiro chooneka kumayambiriro ndi kumathero kwake, zikhomo kapena mbewu ina yobzalidwa pamutu pa mzere, kuti pasakhale wodalira kukumbukira.

Zomwezi zimagwira pa kuzula mbewu zachilendo m'munda wa mtedza kapena soya. Chithunzi cha m'buku chimathandiza, koma kuika chomera choyenera ndi chachilendo pambali ndi pambali, m'manja mwa munthuyo, ndiko kumatsegula maso.

Kudziwa ngati amva

Funso lakuti "mwamva?" lilibe ntchito pakati pathu. Mwambo wathu sulola munthu kuuza mlendo kapena wamkulu kuti sanafotokoze bwino, choncho yankho limakhala "eee" nthawi zonse. Loweruka lija tikanafunsa, onse akanavomera, ndipo tikanakwera ndege tili okhutira. Anatipulumutsa ndi mdima ndi kulimba mtima kwa bambo mmodzi.

Njira yodalirika ndi kupempha munthu kuti anene kapena achite yekha zimene wamva. Izi zimakuonetsani pamene pasokonekera, komanso zimalimbitsa chikumbumtima cha wophunzirayo. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti ophunzira amene anayesa kukumbukira nkhani popanda kuiyang'ana anaikumbukira bwino patatha sabata kuposa amene anangoiwerenga mobwerezabwereza. Pasitolo zimenezi sizifuna mayeso. N'zokwana kunena kuti, "Mayi, kuti ndione ngati ndafotokoza bwino, mukafika kunyumba muwauza bwanji abambo za kabzalidwe kake?" Cholakwa chikapezeka chimagwera pa wofotokoza, ndipo mlimi sachita manyazi.

Wina anganene kuti zonsezi zimadya nthawi, ndipo n'zoona. Lamulungu lija tinaphunzitsa mfundo zinayi zokha m'maola awiri, pamene dzulo lake tinakonza zopitirira khumi ndi zisanu. Za matenda a masamba, za kaufiti, za kasinthasintha wa mbewu sitinazikhudze n'komwe, ndipo zinatiwawa kuzisiya. Kusankha zoti musiye ndi gawo lovuta la ntchitoyi, makamaka kwa ife amene tinathera zaka tikuziphunzira.

Nyengo yotsatirayo inali yoipa. Kwacha inagwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo inakwera anthu atatumiza kale ndalama, kenako ng'amba ya El Niño inagwira mbali yaikulu ya dziko, mpaka boma linalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Sitinganene kuti phunziro lathu linapulumutsa munda wa wina aliyense. Nyengo yotere siisiya umboni woyera. Chimene tikudziwa n'chakuti mu Okutobala bambo wachikulire uja anatitumizira chithunzi cha thumba limene akazi ake anagula, lisiti itaikidwa pamwamba pake, ndi uthenga wamawu wofunsa ngati kamtengo ka masentimita 25 kangapimidwe ndi lula ya mwana wasukulu, popeza pakhomopo panalibe tepi. Tinawayankha kuti lula ya masentimita 30 ikwana, adule kamtengoko pa 25, ndipo adule tiwiri kuti kamodzi kakasowa ntchito isaime.